Kambaniro, machesi ndi kakhadi kamene kasowa

Anzanga ambiri mwakhala mukusuzumira pawindo la Fomu 3 Lachitatu lililonse tikaweruka, n'kumafunsana kuti anthu anayi amisinkhu yathu tikutani ndi kambaniro kozulira nsidze pamwamba pa mapu. Wina anafalitsa kuti tikuombeza ula. Wina akuti ndi juga yachizungu. Aphunzitsi a Hisitole anabwera kudzadzionera okha, anakhala nafe kanthawi, kenako anatuluka akupukusa mutu uku akuseka. Ndiye ndati ndilembe pano kuti aliyense adziwe chimene timachita, makamaka chifukwa chake timagwira tinthu tathu ndi zipangizo m'malo mwa zala. Ndilinso ndi pempho kwa inu nonse, koma simungalimvetse ndisanafotokoze zinazi.

Bokosi limene mumandiona nditalikulunga m'jumbo si langa. Ndi la amalume. Iwo anagwira ntchito ya m'dimba ku Cape Town zaka zingapo kwa mkulu wina wokalamba, amene bambo ake anali m'gulu la asilikali a ku South Africa omwe anagwidwa ku Tobruk, m'dziko la Libya, mu June 1942. Mkuluyo ankakonda kusewera nkhondo imeneyo patebulo, nthawi zambiri yekha, ndipo amalume akamaliza ntchito ankaitanidwa kuti akhale mbali inayo. Pamene mkuluyo ankasamukira kunyumba yosungirako okalamba anawapatsa bokosilo ndi zonse zam'kati mwake. Mu January amalume anandibwereka ine. Pondipatsira anati, "Mphwanga, timakhadi timeneti ndatiwerenga. Ndikabwera pa Isitala ndidzatiwerenganso." Ine ndinangoti, "Musadandaule amalume," osadziwa kuti nkhwangwa yobwereka sikhala kuguluka.

Gemu yake dzina lake ndi Afrika Korps. Inatuluka mu 1964 ku kampani ya Avalon Hill ya mumzinda wa Baltimore ku America, ndipo anaikonza ndi Charles S. Roberts, yemweyo amene anatulutsa gemu yotchedwa Tactics mu 1954, imene ambiri amati ndiyo inayambitsa masewera a mtundu umenewu ogulitsa m'masitolo. Koma maganizo osewera nkhondo pamapu ndi akale kuposa pamenepo. Mu 1824 msilikali wina wa ku Prussia, Georg von Reisswitz, anaonetsa akuluakulu ake masewera otchedwa Kriegsspiel, ophunzitsira atsogoleri a asilikali, ndipo magulu ankhondo ankaimiridwa ndi tizitsulo tamtovu topakidwa utoto. Tizitsulo timalemera, mphepo singatiulutse. Anthu atayamba kupanga masewerawa kuti munthu wamba athe kugula, anasiya mtovu n'kutenga katoni, chifukwa katoni ndi yotchipa ndipo mukhoza kudindapo manambala. Mavuto onse amene ndikufuna kukamba anayambira pomwepo.

Bolodi lake ndi mapu a kumpoto kwa Africa, chigawo cha Libya ndi Egypt cha m'mbali mwa nyanja. Mapu onsewo anawagawa m'tizipinda ta mbali sikisi, tolumikizana ngati zisa za njuchi. Gulu lililonse la asilikali ndi kakhadi kamodzi ka katoni, kamene pa Chingerezi amati counter. Kukula kwake ndi theka la inchi mbali zonse, kutanthauza mamilimita 12.7. Tengani lula muone, kenako muyeze chala chanu chachikulu. Mupeza kuti chalacho chikukaphimba konse.

Pakakhadipo pali kachizindikiro ndi manambala atatu. Kabokosi kokhala ndi mtanda wopingasa ndiye kuti ndi asilikali oyenda pansi, kokhala ndi kanthu kooneka ngati dzira ndiye akasinja. Manambalawo, loyamba ndi mphamvu yomenyera, lachiwiri yodzitetezera, lachitatu likunena kuchuluka kwa tizipinda timene gululo lingayende pa ulendo umodzi. Pomenyana mumaphatikiza mphamvu za omenya, n'kuziyerekeza ndi za odziteteza, basi mwaponya dayisi n'kuwerenga zotsatira patchati. Amene mumadana ndi ma ratio a Masamu, kunotu ndiye kwawo.

Tsopano taganizirani bawo. Pa bawo nkhomo zonse n'zofanana. Mukhoza kuzitapa ndi dzanja lonse, kuzikhutula mwamkokomo, ndipo dzenje limazigwira zokha. Imodzi ikagwa pansi mumangotola ina iliyonse, ngakhale kamwala. Pa dirafuti ya zotsekera mabotolo n'chimodzimodzi, chachikulu n'chakuti china chagadama china chavundikira. Gemu yathuyi ayi. Kakhadi kalikonse kali ndi dzina lake ndi manambala ake, palibe dzenje lokagwira, ndipo malamulo amalola kusanjikiza timakhadi tingapo m'kachipinda kamodzi. Nkhani yonse ya masewera, zimene mwaganiza kwa maola atatu, imasungidwa m'malo amene tinthu topepukati takhala. Kakasuntha ndi theka la sentimita, nkhaniyo yasintha.

Ndikupatseni chitsanzo chimene chinatsala pang'ono kutha chinzake. Sabata yachitatu tinali titasewera masana atatu, tafika pomenyanirana Tobruk. Pamenepo timakhadi timadzazana, milu yoyandikana mbali zonse, popanda polowetsa chala. Ndinafuna kuona kakhadi kapansi pa mulu wanga. Ndinali nditangodya mandasi. Chala chachikulu chinakankha mulu woyandikana nawo, umenewo unagwera wachitatu, kenako mkono wa juzi unamalizitsa ntchito. Timakhadi pafupifupi khumi tinangoti balala.

Tinayesa kubwezeretsa, ndipo tambiri tinagwirizana. Koma panali kamodzi ka mnzanga wa Fomu 4, ka akasinja a Britain, kolembedwa 4-4-7. Iye anati kanali pachitunda. Ine ndinati kanali pansi, pamchenga. Kusiyana kwake n'kotani? Gulu likakhala pachitunda mphamvu yake yodzitetezera imawirikiza kawiri. Ine ndinali ndi omenya okwana 12. Pamchenga ndiye 12 kwa 4, kutanthauza 3 kwa 1, nkhondo yabwino kwa ine. Pachitunda ndiye 12 kwa 8, ndipo malamulo amati zotsala mumakomera wodziteteza, choncho imatsika n'kukhala 1 kwa 1, imene ndi njuga yeniyeni. Palibe amene ankanama. Aliyense ankakumbukira zomukomera, monga timachitira tonse. Tinakangana mpaka alonda anabwera kudzatseka kalasi, ndipo masana atatu aja anapita pachabe. Sabata yotsatira mnzangayo sanabwere.

Usiku umenewo ndinaimbira amalume pafoni ya mayi. Anaseka kaye, kenako anafunsa, "Kodi kachikwama kachikopa kali pansi pa bolodi unakatsegula?" Ndinali nditakaona, koma ndinkayesa ndi zometera ndevu za mkulu uja. Munali timbaniro tiwiri, chowengera zikhadabo, ndi kanthu kooneka ngati cholembera kokhala ndi kamphira kumapeto.

Ndiyambe ndi kambaniro, chifukwa ndiko chida chachikulu cha wosewera aliyense. Ntchito yake ndi yolowa pamene chala sichingalowe. Mumatsitsa milomo yake iwiri m'mbali mwa mulu, kufinya pang'ono, kunyamula mulu wonse molunjika m'mwamba, kuuona muli kutali ndi mapu, n'kuubwezera pomwe unali. Mawu oti molunjika ndi ofunika. Mukakoka chammbali ndiye mwakokanso oyandikana nawo. Ndipo chigongono chizikhala m'mwamba, manja a juzi atapindidwa.

Timbaniro sitifanana. Kozulira nsidze kaja, kamene mumatiseka nako, kunena zoona ndi koipa kuposa tonse. Milomo yake ndi yakuthwa chifukwa anakapangira kugwira katsitsi kamodzi, ndiye kamaluma katoni n'kusiya mano. Komanso sikayasamula mokwanira kugwira kakhadi m'mbali zonse ziwiri, mpaka mutakapinda kaye. Ife timakagwiritsa ntchito chifukwa tilipo anayi ndipo tabwino tilipo tiwiri. Kabwino kwambiri m'kachikwamamo ndi ka anthu osunga masitampa. Milomo yake ndi yaphanthiphanthi, yosalala ngati kakhasu kakang'ono, chifukwa anakapanga kuti kasaboole kapena kukanda pepala la sitampa. Kachiwiri ndi kopindika kumapeto ngati mlomo wa mbalame. Ubwino wake ndi wakuti dzanja lanu limakhala pambali, osaphimba pamene mukuyang'ana. Amalume akuti palinso mtundu wina wochita mosemphana, umene umatseguka mukafinya n'kugwira wokha mukasiya, wabwino kwa anthu amene manja awo amanjenjemera.

Kamene ine ndimakonda tsopano sikanachokere ku Cape Town. Anapanga ndi mtsikana wa Fomu 2 amene analowa gulu lathu mwezi watha. Anatenga kansungwi kotalika ngati pensulo yatsopano, anakang'amba pawiri, anapala mbali zonse ndi lezala mpaka kupyapyala, anaika kamtengo kakang'ono pakati kumtunda kwake n'kumanga ndi ulusi. Kumilomo anakhula ndi sandipepa wa ku kalipentala. Nsungwi siiterera ngati chitsulo ndipo siiluma katoni. Kukula kwa kamtengo kapakati ndiko kumanena kuti kambaniroko kayasamule bwanji, choncho mumakayeza pa kakhadi komweko musanamange. Sikanadye ngakhale tambala, ndipo mnzanga wa Fomu 4 uja atabwerera, ndi kameneka kamene timalimbirana.

Chowengera zikhadabo chinandizunguza mutu kwambiri. Nkhani yake ili chonchi. Timakhadi sitibwera todulidula. Timabwera pa chikatoni chimodzi chachikulu, makina atacheka mizere koma atasiya timalo tating'ono tolumikiza, kawirikawiri m'ngodya, kuti tisagwe m'njira. Wogula amatithothola yekha. Pothothola, pangodya iliyonse pamatsala kaubweya ka pepala. Kaubweya kameneka kamakola kakhadi koyandikana nako, ndipo pakapita nthawi ndi pomwe pepala lapamwamba lokhala ndi manambala limayambira kusupuka. Ndiye osewera ambiri amadula kansonga ka ngodya zonse zinayi. Kakhadi kodulidwa ngodya sikakola anzake, kamakwana bwino m'kachipinda ka mbali sikisi, ndipo pamene timakhadi tinayi takumana pamatsala kampata kolowetsapo mlomo wa kambaniro.

Mkulu wa ku Cape Town anadula take tonse ndi chowengera zikhadabo, kamodzikamodzi, ndipo mukayang'anitsitsa mumaona kuti tina anadula kwambiri tina pang'ono. Ena pofuna kuti zifanane amatenga chikuto cha CD, kudula ngodya yake pang'ono, n'kumalowetsa kakhadi pakona yam'kati kuti kansonga kofanana kazitulukira kunja nthawi zonse. Masiku ano kuli zida zopangira ntchito imeneyi basi. Chodziwika kwambiri ndi cha kampani ya Oregon Laminations, chooneka ngati chobowolera mapepala cha mu ofesi ya ahedi, chimene chimadula ngodya mozungulira, ndipo chilipo cha mamilimita 2, cha 2.5 ndi cha 3. Tangowerengerani nokha, gemu ya timakhadi 500 ndiye ngodya 2,000. Anthu amakhala madzulo angapo akungodula, asanaponye dayisi ndi kamodzi komwe.

Si onse amavomereza zodulazi. Ena amati n'kuwononga katundu, ndipo gemu yakale imene timakhadi take sitinathotholedwe n'komwe imagulidwa modula kuposa yoseweredwa. Ine maganizo anga ndi akuti gemu ndi yosewera, ndipo ndikanakhala ndi yanga ndikanadula. Koma pa chinthu chobwereka musayerekeze. Ngodya ikadulidwa siimeranso, ndipo dzanja likaphonya mumadula nambala.

Kanthu kooneka ngati cholembera kaja n'koyamwira. Amakagwiritsa ntchito okonza mafoni ndi mawailesi ponyamula tizipangizo tating'ono. Mumafinya, kuika kamphira pamwamba pa kakhadi, kusiya, ndiye mpweya umakagwira. Kamanyamula kapamwamba kokha, osati mulu. Pa timakhadi tatsopano tosalala mwina kamagwira bwino, koma tathu ndi takale, pamwamba pake panakhakhala, mpweya umalowa ndipo kakhadi kamagwa kali m'njira, pamalo oipitsitsa. Tinayesa kuika kaphula kumapeto kwa pensulo kuti kazimata. Kanasiya banga. Zonse ziwiri tinazisiya.

Pali njira ina yochepetsera mavuto a milu imene sifuna chida chilichonse koma pepala. Ngati mulu watalika, mumauchotsa pamapu n'kuikapo kakhadi kamodzi kolembedwa A, kenako timakhadi tenitenito mumatiyala papepala pambali, m'bokosi lojambula lolembedwanso A. Masewera ambiri akuluakulu amabwera ndi mapepala otere odindiratu. Ena amapanga timatabwa tokhala ndi kamsewu, n'kuimikamo timakhadi choimirira kuti mwini wake aziona manambala onse koma mdani asaone. Enanso anangothawa katoni. Mu 1972 kunatuluka gemu yotchedwa Quebec 1759 imene magulu ake ndi timatabwa toimirira, nkhope yoyang'ana kwa mwini wake. Timeneto mumagwira ndi zala bwinobwino. Koma timatabwa sitingachuluke pamapu ngati timakhadi, ndiye anthu okonda nkhondo zikuluzikulu anakakamirabe pa katoni ndi timbaniro tawo.

Ndikati zikuluzikulu ndikunena zoona. Chakumapeto kwa zaka za m'ma 1970 kampani ya SPI ya ku New York inatulutsa The Campaign for North Africa, yokonzedwa ndi Richard Berg, yonena za nkhondo yomweyi ya m'chipululu. Mapu ake ndi otalika pafupifupi mamita 3, timakhadi toposa 1,500, osewera mpaka khumi, ndipo kuti muimalize pamafunika maola ngati 1,500. Muli ngakhale lamulo lakuti asilikali a ku Italy azipatsidwa madzi owonjezera ophikira pasta. Ife timasewera maola awiri pa sabata. Ndinawerengera kuti tingaimalize patatha zaka zoposa 14, popanda holide. Tangoganizani mphaka atadumphira patebulo limenelo m'chaka chachisanu.

Bolodi la Afrika Korps ndi lolimba, mapu anamatidwa pa chikatoni chochindikala. Koma m'bokosimo mulinso gemu ina yaing'ono imene inabwera m'magazini ya Strategy & Tactics, ndipo mapu ake ndi pepala lopindapinda. Pepala lopindidwa siligona. Pamzere wopindapo pamatukuka ngati mzere wa mbatata, ndipo mulu ukakhala pamenepo umapendekeka n'kugwa wokha. Osewera akunja amayala chipulasitiki cholimba choonekera ngati galasi pamwamba pa mapu, n'kumasewera pamwamba pakepo. Chimapondereza mapu, chimawateteza ku tiyi, ndipo mukhoza kulembapo ndi cholembera chofufutika. Ife tinayesa magalasi a mawindo amaluva atatu oyalidwa mondondozana. Anagoneka mapu bwino, koma m'mphepete mwake ndi mwakuthwa, timakhadi timakodwa polumikizira, ndipo mmodzi wa ife anadzicheka. Musatengere. Tsopano timayala pulasitiki yokutira mabuku, kuikoka n'kuimata kunsi kwa tebulo ndi selotepi. Siigoneka ngati galasi koma ndi bwinoko. Chenjezo limodzi, selotepi isakhudze mapu enieniwo, chifukwa pomatula imachoka ndi utoto.

Adani ena a timakhadi ndi akwathu konkuno, ndipo mabuku a malamulo satchula. Woyamba ndi mafuta a mandasi ndi chipisi. Katoni imamwa mafuta, banga lake silichoka, ndipo kakhadi kamafuta kamamatirira kunsi kwa kanzake moti mumanyamula tiwiri mukuyesa kamodzi. Lamulo lathu loyamba ndi kusamba m'manja ndi sopo pa mjigo, n'kuumitsa ndithu. Wachiwiri ndi chinyezi cha dzinja lino. Katoni ndi mapepala angapo omatidwa pamodzi, ikanyowa imafufuma n'kuyamba kusupuka. Kamene kayamba kusupuka timakapaka kaguluu ka matabwa ndi nsonga ya singano, n'kukatsindira ndi dikishonale usiku wonse. Wachitatu ndi mphepo. Kalasi yathu mukuidziwa, mawindo awiri alibe magalasi. Timakhala pakona ya kumbuyo ndipo wolowa amayamba wagogoda, kuti titchinge kaye ndi makope. Mphemvu ndi chiswe nazo zimakonda guluu ndi pepala, n'chifukwa chake bokosi limagona m'jumbo pamwamba pa kabati, osati pansi.

Chinthu china chimene mkangano wa Tobruk unatiphunzitsa n'kulemba. Sitingasiye bolodi patebulo mpaka Lachitatu lina, ndipo mafoni ojambulira saloledwa pasukulu. Mwamwayi m'mphepete mwa mapu muli zilembo ndi manambala, moti kachipinda kalikonse kali ndi adiresi yake. Kale anthu ankasewera gemu yomweyi kudzera pa positi, aliyense ali ndi bolodi lake kwawo, akutumizirana makalata onena kuti gulu lakuti lachoka apa lapita apa. Ife tinagula kope limodzi. Nthawi ikatha, mbali iliyonse imalemba pamene timakhadi take tili, mbali inayo imaona n'kusainira. Zimatenga mphindi khumi. Ndiponso nkhondo yaikulu isanayambe, pamene milu yadzazana, timalemba kaye malo a timakhadi ta pamenepo tisanakhudze kalikonse. Chiyambireni kuchita zimenezi sitinakanganenso za chitunda.

Kwatsala kusunga, ndipo apa ndi pamene ndinalakwa ine. Makampani amagulitsa mathireyi apulasitiki okhala ndi tizipinda ndi chivundikiro, opangidwa kuti alowe m'bokosi la gemu. Ena amagula timabokosi ta asodzi tosungira mbedza, kapena ta amakaniki tosungira timabawuti. Amene amasewera Advanced Squad Leader, gemu ya mu 1985 imene timakhadi take timafika masauzande ukaphatikiza zigawo zake zonse, amakhala ndi zikwama zathunthu za timabokosi totere, chilichonse ndi kalebulo kake. Mkulu wa ku Cape Town ankasunga take m'timaenvelopu, timene tinang'ambika kalekale. Ine poyamba ndinkangotsanulira tonse m'chivundikiro cha bokosi. Kuyala gemu kunkatenga theka la ola, tikusakasaka gulu limodzilimodzi.

Kenako tinatolera mabokosi a machesi opanda kanthu, khumi ndi awiri, tinawamata pamodzi atatu m'lifupi anayi m'litali, n'kukhala ngati kabati ya madirowa. Dirowa iliyonse ili ndi kalebulo, Germany, Italy, Britain, katundu wa asilikali, ndipo magulu amene amalowa mochedwa tinawagawa potsata mwezi umene amafika. Timatumba tapulasitiki totseka pakamwa, timene amaikamo mapiritsi kuchipatala, nato timathandiza, bola mutatitsuka n'kutiumitsa. Chimene musachite ndi kumanga timakhadi ndi labala. Amadya m'mbali, ndipo akakalamba amasungunuka n'kumatirira. Pa dirowa iliyonse tinayenera kulembanso chiwerengero cha timakhadi tam'menemo kuti potseka tiziwerenga. Ndinanena kuti ndichita mawa. Mawa lake linafika patatha masabata awiri, ndipo nditawerenga, dirowa ya Germany inaperewera kamodzi.

Kamene kasowa si kamba wamba. Ndi ka akasinja, kolembedwa 7-7-10, kamodzi mwa tamphamvu kwambiri mbali ya Germany. Popanda kameneka mbali imeneyo imakhala ngati timu yolowa m'bwalo wogoletsa wake ali pabenchi. Ndinapanga kena ndi katoni ya bokosi la tiyi, ndinayeza ndi lula, ndinalemba manambala ndi bolopeni yakuda, ndinadula ngodya. Kusewera kakuseweredwa. Koma n'kopyapyala kuposa tinzake ndipo m'mbali mwake n'moyera, moti kakakhala pansi pa mulu aliyense amakazindikira ali kutali. Amalumenso sadzafunika kuwerenga, adzangokaona.

Tsiku lomaliza limene kopelo likuonetsa kuti kanalipo ndi Lachitatu la sabata yathayo isanafike yapitayi. Tinasewera pa madesiki awiri akumbuyo, kufupi ndi khoma la kumunda. Ndafufuza m'ming'alu ya simenti, m'matumba a yunifolomu, ngakhale kudzala kumene amataya zinyalala za m'kalasi. N'kutheka kuti kanamatirira kunsi kwa kope la munthu, kapena kanalowa m'buku la laibulale limene linali padesikipo, chifukwa tsiku limenelo tinatsindira ngodya za tchati ndi mabuku a Jogalafe. Amene munasesa Fomu 3 Lachinayi m'mawa, ndi amene munabwereka mabuku a Jogalafe sabata imeneyo, chonde tagwedezani mabuku anu ndi zikwama. N'kakatoni kakang'ono kuposa chikhadabo cha chala chachikulu, kofwifwa, ngodya zake zodulidwa, pakati pali kadzira m'kabokosi, pansi manambala atatu aja. Mukakapeza musakapukute ndi madzi ngakhale kali ndi dothi. Kaikeni m'pepala, mundipatse pa buleki kapena musiye kwa aphunzitsi a Hisitole. Wokapeza ndimugulira mandasi asanu, adye atatalikira bolodi.

Kwatsala masabata atatu kuti Isitala ifike. Amene mukufuna kudzaona kapena kuphunzira, bwerani Lachitatu tikaweruka, mugogode kaye. Mbali ya Italy ilibe mwini mpaka pano, ndipo tikufunabe mabokosi a machesi opanda kanthu asanu ndi limodzi a gemu yachiwiri ija.